Chaka Chathunthu Ndikudya Moyang'ana Wotchi

Nesi anandimanga kachipangizo koyezera BP kaja pamkono kachiwiri, n'kundiuza kuti ndikhale phee mphindi zisanu osalankhula. Manambala atatuluka sanasinthe kwenikweni: 156 pamwamba, 98 pansi. Anandifunsa ngati kwathu kuli wodwala BP. Ndinati bambo anga. Anagwa kubafa tsiku lina m'mawa ali ndi zaka 61, mbali ya kumanja n'kufa ziwalo, ndipo tinakhala tikuwatembenuza pamphasa zaka zitatu mpaka anatisiya. Nesiyo sanayankhe kanthu, anangondilozera sikelo. Makilogalamu 87, munthu wake wamfupi ngati ine, wazaka 43.

"Amayi, mankhwala tikupatsani," anatero uku akulemba m'kabuku kanga ka kuchipatala, "koma thupili mulichepetseko. Za mchere, mafuta ndi shuga mukuzidziwa kale."

Ndinkazidziwadi. Koma milungu iwiri yokha m'mbuyomo ndinali kumudzi ku Ntcheu, komwe azakhali anga, alongo awo a malemu bambo, anandigwiragwira mikono mosangalala: "Ee aNaphiri, thupitu labwera! Akukusungani bwino kutauniko." Ndipo ine mumtima munakoma. Kwathu kuno thupi ndi mbiri ya banja. Mkazi akanenepa ndiye kuti mwamuna wake ndi wosamala, m'nyumba muli mtendere, ndiwo sizisowa. Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 tikukumbukanso zimene kuwonda kunkatanthauza. Munthu akayamba kutha thupi, anthu ankanong'onezana za kaliwondewonde, ndipo sipankapita nthawi maliro asanamveke. Mantha amenewo sanachoke m'mitima mwathu. Ndiye munthu akamakuuza kuti uchepetse thupi, khutu limodzi limamva za BP, linalo limamva zimene anthu azikanena kutchalitchi.

Za kusala kudya ndinazimvera kwa mnzanga wa ku ofesi amene ndinamuona akukana tiyi wa 10 koloko kwa mwezi wathunthu. Poyamba ndinkaganiza kuti ndi zamapemphero, chifukwa kwa ife mawu oti kusala amapita ndi Lenti, Ramadan, kapena masiku aja mipingo ina imasala mu Januwale. Iye anati ayi, izi n'zimene pa intaneti akuzitchula kuti intermittent fasting. Sakuuza choti udye, amakuuza nthawi yoti udye. Njira yotchuka kwambiri ndi yoti uzidya mkati mwa maola 8 okha patsiku, maola 16 otsalawo uzingomwa madzi kapena tiyi wopanda shuga ndi mkaka. Palinso ina yoti masiku asanu pamlungu uzidya monga mwa nthawi zonse, masiku awiri uzidya pang'ono kwambiri, makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) 500 kapena 600 basi. Imeneyi anaitchukitsa ndi dokotala wa ku Britain, Michael Mosley, kudzera m'pulogalamu ya pa BBC mu 2012. Ena amachita kudumphitsa tsiku: lero kudya, mawa kusala.

Chimene chinandikopa n'chakuti sizinkafuna ndalama. Ndinali nditaonapo kale mindandanda ya zakudya zochepetsa thupi yodzaza ndi zinthu zoti ukazipeza m'masitolo akuluakulu okha, mtengo wake wokwanira thumba la chimanga. Ndinali nditagulaponso tiyi wina wotsatsidwa pa WhatsApp, amene ntchito yake inali kunditsegula m'mimba masiku atatu. Apa sankandigulitsa chilichonse. Ndinangosankha kuti ndizidya kuyambira 12 koloko masana mpaka 8 koloko usiku, kadzutsa n'kumusiya.

Mlungu woyamba unali wowawa, ndipo chowawitsa chinali 10 koloko. Nthawi imeneyo pamabwera mayi wina ndi ndowa yapulasitiki yovindikira ndi kansalu koyera, muli mandasi ndi zitumbuwa zotentha. Akangovundukula, fungo limadzaza kolido yonse. Kwa zaka 11 ndinali kasitomala wake wa tsiku ndi tsiku: mandasi awiri, tiyi wamkaka, shuga masipuni atatu. Lolemba loyambalo anaima pakhomo la ofesi yanga n'kundifunsa kuti, "Bwanji lero amayi, kwagwanji?" Ndinati ndayamba kusala. Anangoti, "Mutipemphererekonso ife," n'kupitirira. Mutu unandipweteka mpaka Lachinayi, manja akunjenjemera pang'ono pa kompyuta, ndipo ndinakalipira mwana wa ku sukulu amene anabwera kudzaphunzira ntchito pa nkhani yosafunika n'komwe kukalipa. Ndinakamupepesa mawa lake.

Koma ndinaona chinthu chimene sindinkachidziwa m'moyo wanga wonse. Njala ija siinkangokulirakulira. Inkabwera ngati kamvuluvulu, kuzunguza mphindi 20 kapena 30, kenako n'kudutsa. Ndikamwa madzi n'kupitiriza ntchito, pofika 11 koloko ndinkakhala nditaiwala. Pambuyo pake ndinawerenga kuti m'mimba mumatuluka homoni yotchedwa ghrelin, imene imauza ubongo kuti nthawi yodya yakwana, ndipo imakwera pa maola amene thupi linazolowera kulandira chakudya. Ndiye kuti chimene chinkandiluma pa 10 koloko sichinali kusowa kwa mphamvu m'thupi la makilogalamu 87. Chinali chizolowezi cha zaka 11. Pofika mlungu wachitatu ndowa ija inkadutsa ine osaimva kuwawa.

Zimene zimachitika m'thupi munthu akasala sizovuta kuzimvetsa. Tikadya nsima, buledi kapena mpunga, thupi limazisandutsa shuga wa m'magazi, ndipo homoni ya insulini imakwera kuti ilowetse shugayo m'maselo. Wina amasungidwa m'chiwindi ngati kankhokwe kakang'ono, wotsala amasanduka mafuta. Tikasiya kudya, thupi limayamba latapa m'kankhokwe ka m'chiwindi kaja, ndipo pakadutsa maola 12 kapena kuposerapo limayamba kudalira kwambiri mafuta. Ine ndinkadya komaliza cha m'ma 10 koloko usiku, 6 koloko m'mawa n'kuyambanso ndi tiyi ndi buledi wopaka majarini. Nkhokwe yaikuluyo sinkatsegulidwa n'komwe, ndinkangothiramo.

Ndinadzimva kuti ndapeza njira. Patatha milungu 6 ndinaima pa sikelo ya mnyamata wina amene amakhala nayo m'mbali mwa msewu ku Limbe, ndinamupatsa kandalama kake, n'kuvula nsapato ndi juzi yomwe. Makilogalamu 86. Imodzi yokha basi. Ndinamuuza kuti sikelo yake ndi yowonongeka. Iye anakwerapo yekha kuti andionetse kuti ili bwino. M'minibasi yobwerera kunyumba misozi inalengeza m'maso, chifukwa ndinali nditavutika zenizeni.

Usiku umenewo ndinatenga kope n'kulemba moona mtima zonse zimene ndinadya masiku atatu apitawo. Pa 12 koloko ndinkathamangira pachiwaya kukagula tchipisi cha mbale yaikulu, nkhuku yokazinga ndi Fanta, mumtima ndikuti ndasala, ndiyenera kudzipepesa. Cha m'ma 4 koloko mandasi aja ndinkawagula ndithu, kungoti kwa munthu wina wa pa siteji. Usiku mitanda ya nsima inachoka pa iwiri kufika pa itatu, poopa njala ya mawa. Ndipo ikamakwana 8 koloko ndinkamwa kapu ya Sobo mothamanga ngati sitolo ikutsekedwa. Chakudya chonse cha tsiku chinali chomwecho, mwinanso kuposa. Ndinangochiunjika malo amodzi.

Apa m'pamene ndinayamba kuwerenga mofatsa, osati timavidiyo ta pa Facebook, koma zimene ofufuza anapezadi. Nkhani ya maola 8 inatchuka kwambiri chifukwa cha kafukufuku wa mu 2012 wa gulu la Satchin Panda ku Salk Institute ku California. Anatenga mbewa n'kuzipatsa chakudya chamafuta kwambiri. Zina zinkadya nthawi iliyonse, zina maola 8 okha, koma kuchuluka kwa chakudya kunali kofanana. Zodya nthawi iliyonse zinanenepa n'kuyamba kudwala, zinazo ayi. N'zochititsa chidwi, koma ndi mbewa. Kanyama kameneka thupi lake limatentha chakudya mofulumira kwambiri, moti maola 16 osadya kwa iko ndi nkhani yaikulu kuposa kwa munthu. Palinso dzina limene anthu amakonda kulitchula, la Yoshinori Ohsumi wa ku Japan, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2016. Iye anafufuza mmene selo limadziyeretsera pogaya zinthu zake zakutha, ndipo ntchito yake yaikulu anaichitira pa yisiti. Sananene kuti ukasiya kadzutsa uchira khansa, monga mmene mauthenga ena oyenda pa WhatsApp amanenera. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa ndikudziwa kuti pali odwala amene amachedwa kupita kuchipatala pokhulupirira mauthenga otere.

Atayesa pa anthu, zotsatira zinali zofatsa. Mu 2020 dokotala wa mtima wa ku San Francisco, Ethan Weiss, ndi anzake anatsatira anthu 116 kwa milungu 12. Ena ankadya kuyambira 12 koloko masana mpaka 8 koloko usiku, ndendende ngati ine, ena katatu patsiku. Osalawo anataya pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo sanasiyane kwenikweni ndi anzawo aja. Chodetsa nkhawa chinali chakuti mwa ena amene anawayeza bwinobwino, gawo lalikulu la zimene anataya silinali mafuta koma minofu. Weiss mwiniwakeyo anali atasala motere kwa zaka zingapo, ndipo ataona zotsatirazi anasiya. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira mnyamata wa sikelo uja. Sikelo yake inali bwinobwino.

Kafukufuku wina amene anandithandiza kuganiza anachitikira ku Guangzhou m'dziko la China, ndipo anatuluka mu 2022. Anthu 139 onenepa anawagawa pawiri kwa chaka chathunthu. Onse anawachepetsera chakudya mofanana, koma gulu limodzi linkadya pakati pa 8 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo pokha. Amenewa anataya makilogalamu 8, enawo 6.3, ndipo ofufuzawo anati kusiyanako n'kochepa moti sungalimbe mtima kunena kuti wachititsa ndi wotchi. Mfundo yake ndinaimva bwino: chochepetsa thupi ndi kuchepa kwa chakudya. Wotchi imangothandiza anthu ena kuti achepetse osachita kuwerengera mbamu iliyonse. Kwa amene imawathandiza ndi chida chabwino. Kwa amene amabweza zonse madzulo, monga ndinkachitira ine, palibe chimene imachita.

Koma panali kanthu kena kakang'ono kamene kanandikhala m'mutu. Mu 2018 gulu la Courtney Peterson ku America linayesa amuna 8 okha amene anali pafupi kudwala shuga. Kwa milungu isanu ankadya zonse m'maola 6, chakudya chomaliza isanakwane 3 koloko masana, ndipo ankawapatsa chokwanira kuti asawonde. Ngakhale sanachepe thupi, BP yawo inatsika ndipo insulini ankagwira bwino ntchito. Anthu 8 ndi ochepa kwambiri, sungamangirepo nyumba. Komabe zikugwirizana ndi chinthu chodziwika, chakuti thupi limathana bwino ndi shuga m'mawa kusiyana ndi usiku. Ine ndinali nditachita zosemphana: kutaya chakudya cha m'mawa, n'kusunga phwando la usiku.

Pa Khirisimasi ndinapita kumudzi, ndipo tikusenda mtedza pakhonde ndinawafotokozera amayi anga zonsezi, za maola 16, za chiwindi, za mbewa za ku America. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Nanga chachilendo n'chiti pamenepo, mwana wanga? Ife kumunda timapita titadya?" Ndinayamba kuwerengera. Amayi amadya mgonero dzuwa likangolowa, kusanade kwenikweni. Amadzuka tambala atalira kachiwiri, khasu paphewa, ndipo amabwerako dzuwa lili paliwombo. Masiku ena amatenga mkute kapena mbatata yootcha, masiku ambiri ayi. Kuchokera mgonero kufika nkhomaliro pamadutsa maola 17 kapena 18, ndipo akhala akutero zaka zoposa 50 popanda kuzipatsa dzina. Kungoti nsima yawo ndi ya mgaiwa, ndiwo ndi nkhwani wotendera, nyemba, usipa, ndipo patsiku amalima, kutunga madzi ndi kuyenda mtunda umene ine sindiyenda pa mlungu. Ali ndi zaka 70, mwendo umawavuta, koma BP alibe.

Ndiye ndinalakwitsa mawu. Ndinati, "Koma njala ya m'mawa ija imavuta, amayi." Anasiya kusenda n'kundiyang'ana. "Imeneyo usamaitchule njala. Iwe umadziwa kuti 12 koloko udya. Njala ndi ija ya 2002, waiwala?" Sindinaiwale. Ndinali ndi zaka 20. Ndinaona anthu a m'mudzi mwathu akuphika madeya ndi zitsa za nthochi, ena akudula chimanga chosakhwima, ana atatupa mapazi. Ndinachita manyazi, ndipo manyazi amenewo ndimawasunga dala. Dziko lathu lino lili ndi mavuto awiri pa mbale imodzi. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse anali onenepa kupitirira muyezo, pomwe ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba. Pali mabanja ambiri amene kuyambira Januwale mpaka Malichi amadya kamodzi patsiku, ndipo palibe amene anawafunsa ngati akufuna. Kusala kwanga n'kwa munthu amene m'kabati mwake muli ufa. Sindifuna kumva wina akuuza mayi wa kumudzi kuti kugona ndi njala n'kwabwino pa thanzi.

Nditabwerera ku Blantyre ndinasintha zonse. Ndinaganiza zotseka khitchini msanga m'malo modumpha m'mawa. Apa m'pamene ndinakumana ndi vuto lenileni, ndipo silinali la m'mimba. Kunyumba kwathu mgonero unkapsa mochedwa. Ndimaweruka 5 koloko, minibasi ndi mzere wa magalimoto zimadya ola ndi theka, ndikafika mwina magetsi azima, ndiye kuyatsa mbaula, kudikira makala agwire, kuthira nyemba zoti zipse. Ndinayamba kumadya ndekha kanthu kochepa ndikangofika, ndipo banja likamadya ndinkakhala kuchipinda. Patatha masiku anayi abambo akunyumba anabwera n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Mayi, kodi takulakwirani chiyani? Ana akufunsa."

"Palibe, bambo. Ndi za thupi zomwe zija."

"Za thupi ndazimva. Koma nyumba imene mayi sadya ndi ana ake, alendo akabwera aziti chiyani? Ifenso nsima sikutikomera."

Ananena zoona. Pa mphasa kapena patebulo la mgonero m'pamene timamva kuti kusukulu kwachitika zotani, ndani wadwala kumudzi, ndalama ya lendi ili pati. Malangizo a pa intaneti aja analembedwa ngati munthu amadya yekha. Ndiye m'malo mochoka ine pa mgonero, tinasuntha mgonerowo. Lamlungu ndimaphika nyemba zambiri n'kuzigawa m'timakontena. Mwana wa mchemwali wanga amene timakhala naye amayatsa mbaula 5 koloko n'kuyamba ndiwo, ine ndikafika n'kungothyakula nsima. Pofika 7 koloko timakhala tasamba m'manja kachiwiri. Zikatero ine ndatseka, mpaka 9 koloko m'mawa, pamene ndimadya ku ofesi zimene ndanyamula: mbatata kapena chinangwa chophika, dzira, nthawi zina phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Amakhala maola 14, osati 16, ndipo ndinasiya kudziimba mlandu pa maola awiri amenewo.

M'mbale namonso ndinasintha, pozindikira kuti nkhani yagona mmenemo. Mtanda umodzi ndi theka m'malo mwa itatu, ndipo ufa timasakaniza woyera ndi mgaiwa chifukwa ana mgaiwa wokhawokha anaukana. Ndiwo zamasamba ndi zimene ndimayamba kuika m'mbale, mpiru, bonongwe, chisoso, kenako nyemba kapena matemba. Za minofu zija zinandiopsa, choncho ndimaonetsetsa kuti tsiku lisadutse wopanda nyemba, mazira, nsomba kapena soya, ndiponso ndimatsikira siteji imodzi m'mbuyo kuti ndiyende mphindi 20. Fanta ndi wa paukwati basi. Mchere tinauchotsa patebulo. Mnzanga wina wachisilamu wa ku Mangochi, amene wasala Ramadan kuyambira ali mtsikana, anandiphunzitsa kuti pomasula usayambe ndi chakudya cholemera: madzi kaye, kanthu kochepa, udikire pang'ono. Iye amati amene amavutika kwambiri mwezi umenewo ndi amene amadumpha daku, chakudya cha m'bandakucha chija, n'kudzadya mosadziletsa usiku. Ndinangogwedeza mutu, chifukwa ankanena za ine osadziwa.

Chinthu chimene chinandiopsa kuposa manambala a nesi chinachitika m'nyumba mwanga momwe. Mwana wanga wamkazi wazaka 15 anayamba kusiya phala m'mawa. Tsiku loyamba anati wachedwa, lachiwiri anati sakumva njala. Kenako ndinapeza buledi amene ndinamulongedzera ali m'chikwama osakhudzidwa, wachita nkhungu. Nditamufunsa anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Amayi, inu mumati kudya m'mawa kumanenepetsa." Sindinanenepo mawu amenewo kwa iye, koma anandimva ndikuwauza anzanga pa foni m'miyezi yoyamba ija, ndikunyadira maola amene ndapirira. Mwanayu si wonenepa n'komwe. Akukula, akufunika magazi, akulemba mayeso. Ndinakhala naye pansi n'kumuonetsa kabuku kanga ka kuchipatala, kumuuza za agogo ake aamuna, kumufotokozera kuti zanga ndi za munthu wamkulu wodwala BP, osati za kukongola. Kuyambira tsiku limenelo ndimakhala naye patebulo m'mawa ndi kapu yanga ya tiyi wopanda shuga mpaka amalize phala lake, ndipo mawu oti kusala kapena kuwonda sindiwatchulanso pamaso pa ana. Atsikana amatengera zimene tikuchita ndi matupi athu mofulumira kuposa zimene tikuwauza, ndipo matenda odana ndi chakudya si a azungu okha.

Ndiye ndinene mosabisa za amene sayenera kuyamba izi mwa okha. Ngati muli ndi matenda a shuga ndipo mumabaya insulini kapena kumwa glibenclamide, kudumpha chakudya kungagwetse shuga wanu mpaka kukomoka, ndipo anthu amafa nazo. Musayese musanakambirane ndi achipatala. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana ndi achinyamata amene akukula, okalamba ofooka, amene akuchira matenda monga TB, ndi amene amavutika ndi zilonda za m'mimba, izi si zanu. Wopalasa kabaza kapena woumba njerwa tsiku lonse thupi lake likufuna chakudya, osati wotchi. Palinso abale athu amene ali pa ma ARV. Kuyambira 2019 ambiri kuno anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, ndipo n'zodziwika kuti ena, makamaka amayi, amanenepa nawo. Ngati thupi likukuvutitsani, kanenani kukiliniki, koma mankhwala musadumphitse ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha kusala. Ndipo kusala kumeneku si kouma ngati kwa mapemphero ena. Madzi muzimwa. Ine tsiku lina kukutentha mu Okutobala ndinaiwala kumwa, piritsi la BP nditamwa kale, ndipo chizungulire chinandigwira pa masitepe a ku ofesi mpaka ndinakhala pansi pompo.

Tsopano chatha chaka ndi mwezi umodzi chiyambireni. Ndili pa makilogalamu 79. Si zodabwitsa, ndipo miyezi iwiri ya pakati sikelo inaima osasuntha. Telala wanga wabweza masiketi anayi. BP yomaliza inali 134 pa 86, ndipo piritsi ndikumwabe m'mawa uliwonse, chifukwa adokotala sananene kuti ndisiye. Kutentha pamtima kumene kunkandidzutsa pakati pa usiku kunatha nditangosiya kugona nsima ili pakhosi, ndipo mawondo sakulira ndikamakwera chitunda cha kwathu. Sindingalekanitse kuti mwa zonsezi gawo la wotchi ndi liti, la mgaiwa ndi liti, la kuyenda ndi liti. Chimene ndikudziwa n'chakuti lamulo limodzi losavuta, loti ikakwana 7 koloko ndatseka, landichotsera zinthu zimene ndinkadya osaganiza: tiyi wachiwiri ndi buledi poonera TV, mkute wa ana poyeretsa mbale, mtedza wokazinga pabedi. Kuwerengera makalori sindikanakwanitsa. Kuyang'ana wotchi ndimakwanitsa.

Zimene ndinkaopa zija zinachitikadi. Mayi wina wa kumvano anandikokera pambali titatuluka m'tchalitchi n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Amayi, muli bwinobwino koma? Mwathatu. Ngati pali vuto musabise." Sindinakwiye. Anafunsa chifukwa chondikonda, ndiponso chifukwa anaika m'manda abale ake ambiri amene anayamba ndi kutha thupi. Ndinamuuza za BP, ndipo anandiuza kuti nayenso mutu umamupweteka kumbuyoku koma amaopa kukayezetsa.

Mwezi watha kumudzi kunali chinkhoswe cha mwana wa achimwene. Basi inatichedwetsa, tinafika 9 koloko usiku, ndipo tinapeza azakhali atatiphera nkhuku, nsima ili yovindikira pafupi ndi moto. Ndinasamba m'manja n'kudya. Nkhuku ya azakhali siikanidwa chifukwa cha wotchi, ndipo usiku umodzi sugwetsa chaka. Tikudya anandigwiranso mkono monga anachitira poyamba paja, koma ulendo uno nkhope inali yakugwa.

"ANaphiri, thupi lija lapita kuti? Kodi kunyumba kuli mtendere?"

Ndinatulutsa kabuku kanga m'chikwama n'kuwaonetsa ndi tochi ya foni, tsamba la chaka chatha ndi la mwezi womwewo. Manambala sawerenga bwino, choncho ndinawauza kuti oyambawo ndi ofanana ndi amene achimwene awo anali nawo asanagwe kubafa. Anakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana moto. Iwo ndi amene ankabwera Loweruka lililonse kudzatithandiza kuwasambitsa.

"Kachipangizo kameneko," anatero pomaliza, "kuchipatala chathu chaching'onochi kaliko?"

Ndinati kaliko. Tinapangana zopitira limodzi Lolemba m'mawa, ine ndisanakwere basi yobwerera.